Aneni a nthawi yakale m'Chingerezi akakumana ndi mawu ena: kupeza vuto ndi kulikonza

Ndimaphunzitsa Chingerezi madzulo ku Matero, mu Lusaka. M'kalasi mwanga muli ana a Giredi 12 ndi akuluakulu omwe akubwereza mayeso a GCE kuti apeze kirediti, chifukwa makoleji ambiri safuna kumva zina ngati Chingerezi sichinafike pa 6, pomwe kirediti imayambira. Loweruka lililonse ndimanyamula makope kukachongera kunyumba, ndipo cholembera chofiira chimaima pamalo omwewomwewo, chaka ndi chaka, ngakhale nkhope m'kalasi zisinthe.

Anthu awa sikuti sadziwa aneni. Mukawadzutsa usiku atha kukuimbirani *go, went, gone* ndi *take, took, taken* osaphonya. Vuto limabuka *went* uja akakhala moyandikana ndi mneni mnzake, ndi muonjezi, kapena ndi timawu ngati *to, for, at, up*. Gwero lake nthawi zambiri ndi limodzi. Ife timalowetsa zinthu zambiri m'kati mwa mneni: mu *sindinamudikire* muli kukana, muli ine, muli nthawi, muli iye, muli kudikira. Chingerezi chimayala zonsezo panja, *I did not wait for him*, ndipo liwu lililonse lili ndi malo ake komanso katundu wake. Pezani chizindikiro chomwe chikufanana ndi zomwe aphunzitsi amakulembani mzere, muyambire pa chifukwa choyamba kutsika m'munsi.

## 1. Nthawi yakale yawirikizidwa

Mumalemba: *I did not went. Did you saw him? She wanted to went home. We could not found a bus.*

Ili ndilo vuto lalikulu kuposa onse, ndipo limagwira kwambiri ophunzira akhama. Zifukwa zake:

- Kupaka mneni aliyense. Munauzidwa kuti nkhani yakale imalembedwa m'nthawi yakale, ndiye mumasintha mneni aliyense amene mwamuona. Koma aneni akamangana pamodzi, amene amasenza nthawi ndi woyamba yekha. *Did* wasenza kale, *could* wasenza kale, *wanted* wasenza kale. Wotsatira amabwera wopanda kanthu: *I did not go. Did you see him? She wanted to go home. We could not find a bus.*
- Khutu la kwathu. Tikakana timasintha mathero a mneni: *ndinapita, sindinapite*. Khutu ndiye limafuna kuti *go* nayenso asinthe pambuyo pa *did not*. Asasinthe.
- Kusokoneza *did* ndi *had* kapena *was*. *Had* ndi *was* amatenga mawonekedwe achitatu a mneni: *had gone, was taken, were given*. Wophunzira amaona *had gone* n'kuganiza kuti *did went* ndi m'bale wake. Komanso *had went* ndi *was took* n'zolakwika: pa *go, went, gone* mutenge la kumapeto.
- *Made* ndi *let*. Awa safuna nthawi yakale kapena *to* pambuyo pawo: *The news made her cry. They let us go.* Koma mukatembenuza chiganizo cha *made*, *to* amabwerera: *She was made to wait.*

Kuyesa kwake n'kophweka, ndipo ndimakukonda chifukwa kumachokera m'chilankhulo chathu chomwe. Bwezerani chiganizocho kwathu. Timati *anafuna kupita*. Palibe mwana wa ku Katete kapena wa ku Chawama amene anganene kuti *anafuna kunapita*. Ka *-na-* kamaonekera kamodzi basi, ndipo *ku-* wa *kupita* ndi amene akugwira ntchito ya *to*. Lamulo lomwe mukuvutika nalo m'Chingerezi mwakhala mukulisunga kuyambira muli kumsana.

## 2. Nthawi yakale yathawa nkhani ili pakati

Mumalemba: *He woke up, wash his face and go to Soweto Market. I walk to town yesterday. She said she will come.*

Ili ndi vuto loyamba lija litatembenuka, ndipo kawirikawiri limabwera sabata yomwe ndangokonza loyambalo.

- Kulumikiza ndi *n'ku-*. Ife timati *anadzuka n'kusukusula n'kupita ku Soweto*. Nthawi taitchula kamodzi, zotsalazo zikungotsatira. Chingerezi sichilola zimenezo. Zochitika zosiyana zikalumikizidwa ndi *and, but, then* kapena mpumiro, mneni aliyense amasenza nthawi yake: *He woke up, washed his face and went to Soweto Market.* Dzifunseni: kodi aneni awa akunena chinthu chimodzi, kapena zinthu zotsatizana? Mu *did not go* chochitika ndi chimodzi. Mu *woke up, washed and went* zilimo zitatu.
- *-ed* samveka. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, choncho khutu silizolowera kugwira phokoso louma la kumapeto. Komanso *-ed* amatchulidwa mitundu itatu: ngati *t* mu *walked*, ngati *d* mu *called*, ngati *id* mu *wanted*. Mu *walked to* ma *t* awiriwo amamezana, munthu n'kulemba zomwe wamva. N'chifukwa chake *use to* ndi *suppose to* zadzaza m'makope pomwe pamafunika *used to* ndi *was supposed to*.
- Kubwereza zomwe wina ananena. Pambuyo pa *said, told, thought, knew*, mneni wotsatira nthawi zambiri amabwerera m'mbuyo: *will* kukhala *would*, *can* kukhala *could*, *is* kukhala *was*. *She said she would come.* Pa mayeso musanyengerere pamenepa.

Mukamaliza chimangirizo, tengani pensulo, yambirani chiganizo chomaliza kubwerera m'mwamba, n'kumalemba kamzere pansi pa mneni aliyense. Kuwerenga chobwerera kumaletsa nkhaniyo kukukokani. Muno mu Lusaka tiyenera kulimvetsa bwino vutoli kuposa ena: pa Chinyanja cha m'tauni, *mailo* ndi dzulo komanso ndi mawa, ndipo chomwe chimatiuza tsiku lenileni ndi mneni. Wochonga naye amayang'ana pomwepo.

## 3. Mneni wachiwiri: *to* kapena *-ing*?

Mumalemba: *I enjoyed to play. He denied to steal the phone. She refused paying.*

- Kwathu zonse ndi *ku-*. *Ndinasangalala kusewera, anakana kulipira.* M'Chingerezi mneni woyamba ndi amene amasankha chovala cha wachiwiri, ndipo palibe lamulo lokwana lomwe lingakupulumutseni ku kuloweza. Otenga *-ing*: *enjoyed, finished, avoided, denied, admitted, kept, suggested, considered*. Otenga *to*: *decided, refused, promised, agreed, managed, failed, hoped, offered, pretended*. Onani kuti *kukana* kwathu kwagawanika pawiri: kukana mlandu ndi *denied stealing*, kukana kuchita chinthu ndi *refused to pay*.
- Pali mperekezi pakati, kamawu ngati *on, in, of, from, for*. Pambuyo pa mperekezi mneni amavala *-ing* nthawi zonse: *insisted on paying, succeeded in passing, was accused of stealing, prevented us from entering, apologised for coming late*.
- *To* wachinyengo. Pali *to* wina amene ndi mperekezi: *looked forward to meeting you, objected to paying*. Kuti mumuzindikire, ikani dzina pambuyo pake. Ngati *looked forward to the holiday* zikumveka, ndiye kuti mneni wobwera pamenepo avale *-ing*.
- Zonse ziwiri n'zololedwa koma tanthauzo lasintha. Izi sizichitika kawirikawiri, koma ndi zomwe zimasokoneza nkhani yonse.

Pa mfundo yomalizayi chilankhulo chathu chimathandiza kwambiri, chifukwa ife tili ndi mawu osiyana. *He stopped smoking* ndi *anasiya kusuta*. *He stopped to smoke* ndi *anaima kuti asute*. *I remembered to lock the door* ndiye kuti sindinaiwale, ndinakiya. *I remembered locking the door* ndiye kuti chithunzi cha kukiyako chinandibwerera m'mutu. *I used to walk to Kamwala* ndi *ndinkayenda*, pomwe *I was used to walking* ndi *ndinali nditazolowera kuyenda*. Mnyamata wina analemba m'chimangirizo kuti malume ake atadwala chifuwa *he stopped to drink*. Nditamumasulira kuti walemba zoti malumewo anapatuka panjira kuti amwe, anagwira pakamwa. Sanalakwitsenso.

## 4. Mperekezi wasowa, kapena waonjezedwa pomwe safunika

Mumalemba: *I waited him at Kulima Tower. We discussed about the fees. They reached at Chipata at night. He explained me the answer.*

- Kwathu mperekezi ali m'kati mwa mneni, ndiye mumamusiya. *Kudikira munthu, kumvetsera wailesi, kufunafuna ndalama, kuseka munthu, kufotokozera mwana* sizifuna kanthu pakati. M'Chingerezi: *waited for, listened to, looked for, laughed at, explained to*. *He explained the answer to me.*
- Kwathu alipo, ndiye mumamunyamula. Timati *tinakambirana za fizi, tinafika ku Chipata, analowa m'nyumba*. Koma *discussed, reached, entered* sizifuna mperekezi: *We discussed the fees. They reached Chipata. She entered the house.* Chimodzimodzi *married her* ndi *went home*.
- Aneni ofanana tanthauzo koma osiyana khalidwe. *Reached Lusaka* koma *arrived in Lusaka*, ndiponso *arrived at Intercity*, chifukwa mzinda umatenga *in*, malo amodzi amatenga *at*. *Told me* koma *said to me*. *Discussed it* koma *talked about it*. *Requested a form* koma *asked for a form*.
- Zomwe tazolowera kumva. *Requested for, demanded for, emphasised on, coped up with, returned back* zimamveka m'maofesi ndi pamisonkhano, kwa anthu ophunzira bwino ndithu. Sindinyoza munthu wolankhula choncho, poti tonse timamvana. Koma wochonga mayeso adzalemba mzere, ndipo kalata yofunsira ntchito sikhala ndi mwini wake pambali woti aiikire kumbuyo. Lembani *requested, demanded, emphasised, coped with, returned*.

Mankhwala ake ndi amodzi: lekani kuloweza mneni yekha. M'kope mwanu musalembe *wait*, lembani *waited for my sister at Kulima Tower*. Dikishonale ya ophunzira Chingerezi imaonetsa zimenezi ndi tizidule *sb* kutanthauza munthu ndi *sth* kutanthauza chinthu, monga *explain sth to sb* kapena *accuse sb of doing sth*. Ambiri amawerenga tanthauzo n'kutseka buku, kusiya timawu tomwe ankafunika.

## 5. Aneni a mawu awiri sakukhala bwino

Mumalemba: *I picked up him. My brother picked me at the station. The bus broke at Kafue Roundabout.*

- Mlowam'malo waikidwa kumapeto. *Him, her, it, them, me, us* amalowa pakati: *picked him up, turned it down, called it off*. Dzina lenileni lingakhale mbali iliyonse: *called off the meeting* kapena *called the meeting off*.
- Kachiwiri kagwa. *Picked me* ndiye kuti anandisankha. Kunditenga pa galimoto ndi *picked me up*. Basi ikafa panjira ndi *broke down*. Thokutaimu ikatha ndi *I ran out of talk time*.
- Osalekanitsidwa alekanitsidwa. *Looked after her, ran into him, got over it* amayenda ogwirana. Dikishonale ija imakuuzani: ikalemba *sth* pakati, amalekana; ikalemba kumapeto kokha, salekana.

## 6. Muonjezi wakhala pamalo olakwika

Mumalemba: *She spoke fluently English. I liked very much the lesson. I have seen him yesterday. He worked hardly.*

- Walowa pakati pa mneni ndi chomwe wachitira. Ife timati *ndinakonda kwambiri phunzirolo* ndipo zili bwino. Chingerezi sichifuna kanthu pamenepo: *She spoke English fluently. I liked the lesson very much.*
- Mawu a nthawi yotha aikidwa ndi *have*. Munthu wochokera kumudzi amati *ndabwera dzulo*, poti akadali pano. M'Chingerezi *yesterday, last week, in 2019, two days ago* siziyenda ndi *have* kapena *has*: *I came yesterday. I saw him two days ago.*
- *Always, never, often, usually*. Amakhala patsogolo pa mneni wamba koma pambuyo pa *was* ndi *were*: *She always came early. She was always early.* Aneni akakhala awiri, amalowa pakati: *He had never seen the falls.*
- Mawu ofanana nkhope. *Worked hard* ndi kugwira ntchito molimbika; *hardly worked* ndi kungokhudzako pang'ono. *Came late* ndi kuchedwa. *Lately* ndi masiku ano.

Pali china chomwe chimadyera ophunzira malikisi pa gawo la mayeso lolembanso ziganizo, lomwe iwo amangoti ma *rewrites*. Chiganizo chikayamba ndi *No sooner, Hardly, Never* kapena *Not only*, mneni wothandizira amadumphira patsogolo pa mwininkhani ngati kuti ndi funso: *No sooner had we arrived than it started raining. Hardly had he sat down when the phone rang. Not only did she pass, but she also won a prize.* *No sooner* amayenda ndi *than*, *hardly* amayenda ndi *when*. Ndipo taonani kuti vuto loyamba lija labweranso: ndi *did she pass*, osati *did she passed*.

## Pomwe muyenera kuima n'kufuna katswiri

Zonse zili pamwambazi mutha kuzikonza nokha ndi kope, pensulo ndi dikishonale. Koma pali nthawi zomwe sindifuna kuti mudalire tsamba ili, ngakhale mnzanu wodziwa Chingerezi.

- Mwachita zonsezi kwa teremu yathunthu koma mizere yofiira sikuchepa. Pezani mphunzitsi woti azichonga zolemba zanu inu muli pomwepo. Pulogalamu ya pa foni imakonza chiganizo koma sikuuzani chifukwa, ndipo m'chipinda cha mayeso simulowa nayo.
- Mwana akusiya mathero a mawu polankhula ndi polemba, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja momwe, kapena amatembenuza zilembo. Imeneyo mwina si galamala. Mukamuyezetse makutu kuchipatala, ndipo mulankhule ndi aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Musamukalipire.
- Sitetimenti ya kupolisi kapena nkhani ya kukhoti. Musasaine chomwe simunamvetse. Pemphani kuti akuwerengereni m'chilankhulo chanu. Malamulo a dziko la Zambia amapatsa munthu wozengedwa mlandu ufulu wokhala ndi womasulira kwaulere ngati sakumva chilankhulo cha m'khoti, ndipo amene alibe ndalama ya loya angafunse ku Legal Aid Board.
- Afidaviti, mgwirizano wa nyumba kapena malo, kalata ya ngongole. Wolumbiritsa zikalata amachitira umboni kuti mwalumbira ndi kusaina; si ntchito yake kukonza zomwe mwalembamo. Aone kaye loya.

Mfundo yomalizayi ndinaiona ndi maso. Mayi wina wa m'kalasi mwanga, wogulitsa salaula, anatsalira anzake atatuluka n'kutulutsa kapepala kopindapinda m'kachikwama ka foni.

"Aticha, tandionerani ngati ndalemba bwino. Mawa tikasainirana."

Panalembedwa kuti: *I borrowed her K3,000 in March and she agreed paying in June.*

"Amayi, ndalamayi anapatsa mnzake ndani?"

"Ndine. Ndinamukongoza kuti akaodere belo."

Kwathu timati *ndibwerekeniko cholembera*, timatinso *ndinabwereka kwa iye*, mneni yemweyo mbali zonse ziwiri. M'Chingerezi wopereka amati *lent it to her*, wolandira amati *borrowed it from her*. Monga mmene kanalili kapepalako, munthu wofuna kuthawa ngongole akanatha kunena kuti wokongola ndi mayiwo. Tinakalembanso limodzi pa desiki: *I lent K3,000 to her in March and she agreed to pay it back in June.* Kenako ndinawauza kuti alembemo mayina onse awiri, manambala a ziphaso zawo ndi tsiku, pakhale mboni ziwiri, ndipo popeza ndalamayo inali mpamba wawo wonse, asanasaine akaonetse munthu wodziwa malamulo, chifukwa ine ndimadziwa aneni okha.